Bodza langa la maloto linakafika kwa alamu

Inu owerenga, ine ndinapeka bodza lokoma, ndipo linakapweteka munthu wa kwathu komwe. Ndili Fomu 3 pa sukulu ina yogonera konko kuno ku Mangochi. Chilema changa n'kulota ndili maso. Aphunzitsi akamalemba pa bolodi, mtima wanga umakhala uli pa Shire, ukutsetsereka pang'onopang'ono ndi namasupuni.

Loweruka lina masana tinkalukana tsitsi pansi pa mlambe, titamva kuti Lolemba kubwera otenga magazi okathandizira odwala m'zipatala. Mnzanga Asiyatu anafunsa kuti magaziwo akalowa mwa munthu wina amakachitamo chiyani. Ine ndinangoyankha kuti amapita ndi maloto a mwini wake. Ndinati ukapereka, mlimi wina wa fodya ku Namwera adzayamba kulota akulemba mayeso a masamu, ndipo adzadziwa ngakhale mnyamata amene umamuganizira.

"Iii, ndiye wolandira ako adzavutika," anatero Asiyatu. "Azidzalota Yusufu wa kabaza mpaka kukalamba!"

Tinaseka mpaka misozi. Kwa ine zinali zokongola. Ndinkaona magazi anga akuwoloka mlatho pa galimoto, timaloto tanga tikunyezimira m'menemo ngati usipa. Lolemba ndinapereka bwinobwino, koma atsikana angapo anakabisala kuhositelo. Sindinalabadire. Titatsekera, aliyense anapita nayo kwawo nkhaniyo.

Patapita miyezi iwiri, alamu anga a Mariamu, akazi a achimwene, anadwala malungo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Zikhatho zawo zinayera ngati pepala. Kuchipatala anati magazi awathera, ndipo mwamwayi magazi oti awathire analipo. Koma alamu anakana. Ndinawapeza atatembenukira kukhoma.

"Alamu, ine ndili pabanja," anatero motsitsa mawu. "Ndizikalota mowa ndi zibwenzi za munthu wosamudziwa? Ndiye ndiziswali bwanji pamaso pa Mulungu?"

Ndinafunsa kumene anazimva. Anati kwa mayi amene amagulitsa naye nsomba pamsika, ndipo mayiyo anauzidwa ndi mwana wake wa sekondale, akuti zinalembedwa m'buku la sayansi.

Ndinagwada pambali pa bedi n'kuulula kuti ndinapeka ndine. Alamu anamwetulira mofooka, anati ndikungowanyengerera. Achimwene anandikalipira.

"Nkhani yoti msika wonse ukuidziwa, upeke iweyo? Ndiwe ndani?"

Tsiku lonse linadutsa. Anamwino anafotokoza mobwereza kuti magazi amayezedwa matenda asanaperekedwe, ndipo sanyamula maganizo a munthu, koma alamu anangotseka maso. Mawa lake kunabwera ashehe a kumudzi kwathu kudzawazonda. Anawauza kuti iwonso anathiridwapo magazi atagwa pa njinga yamoto pochokera ku Chiponde, ndipo mpaka lero amalota mbuzi zawo zomwe zija zikudya chinangwa cha eni ake. Alamu anaseka pang'ono, kenako anatambasula mkono.

Iwo anachira. Koma mwana anali atasiya kale kugunda m'mimba. Adokotala sananene kuti chinachititsa n'kuchedwako, ndipo ine sindinafunse, chifukwa ndimaopa yankho lake.

Alamu anandikhululukira, mpaka amandimangira utaka wouma ndikamabwerera kusukulu. Koma tizovala timene anasokera mwanayo tikadali m'sutikesi, ndipo ndikalowa m'nyumba mwawo sinditha kuyang'ana mbali imeneyo. Teremu ino ndikuyenda kalasi ndi kalasi kuuza anzanga zoona, ndipo ndili ndi chikhulupiriro kuti otenga magazi akadzabweranso, obisala adzachepa.

Inu anzanga a sukulu, dziwani kuti kumudzi mawu athu amalemera. Tikayankhula, makolo amayesa tawerenga penapake. Nkhani ya magazi musamaiseweretse, ngakhale pocheza. Wina akakufunsani chimene simukuchidziwa, muuzeni kuti akafunse anamwino. Ine ndikanangoti "sindikudziwa", mwina lero ndikanakhala nditabereka mwana wa achimwene kumbuyo.