Diresi Yobiriwira ndi Telala wa Pakhonde

Ndinafika ku Nkhotakota nditangomaliza kosi ya uphunzitsi, ndili mtsikana wothamanga pakamwa. Mwezi wachiwiri ndinagula nsalu yobiriwira ya maluwa n'kupita nayo kwa telala wina wachikulire amene ankasoka pakhonde la sitolo, moyang'anana ndi mzikiti. Ankavala mkanjo woyera ndi magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi.

Moni sindinapereke n'komwe. Ndinangoika nsalu pamakina n'kunena kuti, "Ndikufuna diresi yolekeza apa," uku ndikuloza pamwamba pa bondo. Masiku amenewo kunali lamulo loletsa akazi kuonetsa mawondo, ndipo achinyamata a chipani ankatha kukuyalutsa pamsika anthu akuona. Ndinkadziwa ndithu, koma ndinkafuna kuti anthu aone kuti kwabwera wophunzira.

Bambowo anasiya kuponda makina, nandikokera mpando. "Takhalani kaye, aphunzitsi. Mwaswera bwanji? Kwanu n'kuti?"

Ndinati ku Dedza. Anafunsa za mayi anga, za kuzizira kwa kwathu, ngati ndazolowera kondowole. Ndinaseka n'kuulula kuti amandikanirira pakhosi. Sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, koma ndinapezeka ndikuwauza zomwe sindinauzepo munthu: kuti ana ena m'kalasi mwanga anali ataliatali kundiposa, sankandimvera, ndipo tsiku lina ndinakalira kuseri kwa ofesi. Sanandidule mawu. Ankangoti, "Eya, eya," maso ali pa ine.

Nditatha, anatambasula nsalu ija. "Mwasankha bwino zedi. Koma taonani, maluwa akuluakuluwa ali m'munsimu. Ndikadula pomwe mwanenapo, onsewa atsala kuno, mayi akunyumba akasokera pilo. Iwo akondwa, nanga inu?"

Ndinayang'ananso maluwa aja.

"Komanso ine ndaona kuti munthu akavala chofika m'munsi amaoneka wamtali. Koma nsalu ndi yanu."

"Ndiye tsitsaniko pang'ono, bambo," ndinatero.

"Pang'ono pake pati? Lembani nokha," anatero akundipatsa choko.

Ndinalemba mzere pansi pa maluwa onse. Apo m'pamene anatsitsa mawu. "Mwandipeputsa mtima, mwanangu. Mwezi wathawu achinyamata a chipani anam'ng'ambira mpendero mtsikana wina pamsikapa, diresi yake ndinasoka ndine. Sindinafune kuyamba ndi kukuopsezani, ndinu mlendo."

Manyazi anandigwira, koma sanali owawa. Ndinapepesa chifukwa chosapereka moni, iwo n'kuseka kuti ngakhale mwana wawo wamkazi amatero akakhala ndi changu.

Kuyambira pamenepo ndikaweruka ndinkadzera pakhondepo. Ndinaona mmene ankauzira msodzi wa ku Chia kuti buluku lake silingasokekenso, msodziyo n'kuchoka akuseka. Ndinaona mmene ankadikirira wokwiya kuti atulutse zonse asanamuyankhe. Ndinayesa zomwezo m'kalasi. Poyamba zinkandivuta, lilime linkandiyabwa, koma chaka chisanathe ana aja anayamba kundiperekeza ndi mabuku mpaka kunyumba.

Patapita zaka zinayi bambo aja anandisokera diresi yaukwati. Maso awo anali atayamba kuchita mdima, choncho Loweruka lililonse ndinkakhala pambali pawo kuwalowetsera ulusi pasingano. Tsiku la ukwati sanalowe m'tchalitchi poti anali Msilamu, koma tikutuluka ndinawapeza ataima pansi pa mtengo wa mango, atanyamula kathumba ka mpunga ka mphatso.