Kuimba ndi M'kamwa Mouma

Mapiritsi aja ndinayamba kumwa chaka chimene mwana wanga wachitatu anamwalira. Tinkakhala m'komboni ya mgodi pafupi ndi Bindura ku Zimbabwe, kumene bambo a ana ankagwira ntchito pansi. Maliro atatha anthu anabalalika, ine n'kutsala chigonere, nkhope kukhoma, osafuna kudya kapena kusamba. Sisita wa kukiliniki ya mgodi anati ndi matenda a maganizo, nandipatsa timapiritsi tachikasu. Ndisaname, tinandidzutsa. Ndinayambanso kusesa pakhomo ndi kukalipira ana.

Koma tinandilanda malovu. Chaka choyamba ndinkati zitha. Pofika chachisanu ndi chimodzi ndinali nditanenepa mpaka anzanga pampopi kumandinena kuti nyama ya lesheni ndikudya ndekha. Kunenepako sindinkakudandaula. Chinkandiwawa ndi m'kamwa, mouma gwa, lilime kumamatira ngati ndadya nthochi yosapsa. Chonsecho ine ndinali woyambitsa nyimbo pamaliro a anthu akwathu a ku Malawi.

Nyimbozo anandiphunzitsa mayi wina wachikulire wa ku Ntcheu, amene anabwera wapansi ndi mwamuna wake kalekale. Ana athu Chichewa ankamva, koma poimba ankathawira ku Chishona. Ndiye mayiwo anandiuza, osati kamodzi, kuti pamanda pawo ndidzaimbe nyimbo yawo ya kwathu, ndime zonse zinayi, asanawafotsere. Ndinavomera. Masiku amenewo n'kuti ndikamaliza ndime ziwiri mawu akuzima.

Mayiwo atayamba kudwala ndinachita zopusa. Ndinasiya mapiritsi osauza munthu, n'kuwabisa m'chitini cha singano. Masiku oyamba kunali chizungulire ndi nseru, koma sabata yachiwiri malovu anabwera. Ndinkaimba pochapa, mawu akutuluka bwinobwino, n'kumadziona ngati wochenjera. Patatha mwezi ndinapezeka ndagonanso pamphasa, nkhope kukhoma lomwe lija. Mayi odwala aja sindinakawaone ngakhale tsiku limodzi.

Ndiye anabwera okha, mpongozi wawo atawakweza pa wilibala. Anandiyang'ana ali pakhomo, akupuma movutikira.

"Malovu wawapeza, mwana wanga," anatero. "Nanga kumandako adzaimirire ndani? Ndidzakutumizire wilibalayi?"

Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo sindinawaiwale. M'mawa mwake ndinapita kukiliniki ndi chitini changa. Sisita anandikalipira m'Chishona chothamanga kuti mankhwalawa sawasiya mwadzidzidzi, kenaka anandiyambitsanso pang'onopang'ono. Anati kuuma kwa m'kamwa mwina sikudzatha ndikamamwabe, choncho ndizipsontha madzi pafupipafupi, ndizitsopa chowawasa, ndiponso ndizitsuka mano kwambiri. Mano awiri anali atandizula kale. Inali nyengo ya masau, ndipo ndinagula ambiri pamsika wa ku Bindura n'kuwayanika padenga. Tsiku lililonse ndinkayesera nyimbo ija kuseri kwa nyumba, masau m'tsaya, mpaka kufika ndime yachitatu.

Mayiwo anamwalira mu Okutobala. Tinafika kumanda dzuwa lili paliwombo, fumbi la mgodi likulowa m'mphuno. Abusa akumaliza pemphero, ndinamasula mfundo ya chitenje n'kuponya masau awiri m'kamwa. Mayi wina wa Chishona anandigunda ndi chigongono.

"Muri kudya kumakuva here, mai?" anandinong'oneza, kudabwa kuti ndikudya kumanda.

Ndinalavulira njere m'manja n'kuyambitsa nyimbo. Ndime ziwiri zinayenda, okalamba ochepa akuvomera. Pakati pa yachitatu lilime linamatira, mawu n'kuthera pakhosi. Atsikana ena achifundo anayamba kung'ung'udza nyimbo ya Chishona kuti andichotse manyazi, ndipo azibambo anagwira mafosholo.

Ndinakweza dzanja kuwaletsa onse. Ndinatulutsa botolo langa la madzi m'thumba, ndinamwa mosafulumira anthu onse akundiyang'ana, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje. Ndinali nditalonjeza zinayi, osati ziwiri ndi theka. Ndinayambiranso ndime yachitatu pachiyambi penipeni. Mawu anali osasa, oipa kuposa tsiku lina lililonse limene mayiwo anandimvapo, ndipo bwenzi atandiseka. Ndinamwanso madzi, n'kuimba yachinayi mpaka liwu lomaliza. Pamenepo ndinagwedezera mutu azibambo aja kuti afotsere.

Titabwerera kukomboni ndinasamba, ndinaphikira ana, kenaka ndinamwa piritsi langa.