Ndinagwada pa Geti la Mabomba

"Imirira, wamangidwa." Anatero wapolisi, dzanja lake lili paphewa panga. Linali Lolemba m'mawa, mwezi wa Febuluwale, pa geti la doko losungirako sitima zoyenda pansi pa madzi zonyamula mabomba a nyukiliya.

Tinachoka ku Glasgow pa basi ya mpingo kukatsutsa mabombawo. Pangano linali lomveka: eni dziko agona pamsewu kutseka geti, ife alendo okhala m'dzikomo ndi maviza tiima pakapinga n'kumayimba. Ine ndinali m'chaka chomaliza cha maphunziro a unamwino, ndipo mlandu uliwonse ukanandibweza ku Malawi chimanjamanja.

Pakati pa ogonawo panali mayi wachizungu, mkulu wa mpingo wathu ku Shawlands, mumzinda wa Glasgow momwemo, imvi mbuu. Anandikodola kuti ndiwapatse tiyi. Tsono ine, mwana wokulira ku Dedza, ndingapereke kapu kwa munthu wamkulu nditaima njo pamutu pake? Ndinagwada. Apolisi anangoona munthu winanso wotseka msewu.

M'galimoto ya apolisi amayiwo ankayimba. Titafika kupolisi, wa pakauntala anawalonjera ngati mnansi: "Mwabweranso? Bondo lija lili bwanji?" Iwo kuseka. Kwa ine anati, "Mapepala ako okhalira m'dziko muno ali kuti?"

Kenako m'kachipinda, mafunso.

"Anakutuma ndani kutseka msewu?"

"Palibe, bwana. Ndimapereka tiyi."

"Chogwada?"

"Kwathu timatero."

Analemba osandiyang'ana.

Chakumadzulo ndinamva zitseko za zitolokosi zikutsegulidwa chimodzichimodzi, panja anthu akuwomba m'manja. Changa sichinatsegulidwe. Nsanje inandigwira, abale! Apolisi sindinawakwiyire n'komwe. Mtima wanga unali pa amayi aja, akupita kukasamba madzi otentha, Lamulungu n'kudzafotokoza kutchalitchi ngati nkhani ya ku ukwati.

Lachitatu ananditengera kumalo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo. Kunali kosamalika, chakudya chinalipo. Mayi amene ndinkagona naye chipinda chimodzi anadzamutenga tsiku lina, nsapato zake n'kutsala pansi pa bedi. Mlonda wina ankakonda kunena kuti, "Osadandaula, kuno si ndende." Akatero ankakhoma chitseko.

Anzanga a m'kalasi ankanditumizira moni ali m'mawodi a kuchipatala, atavala mayunifolomu. Nawonso ndinkawachitira nsanje, mpaka moni wawoyo ndinasiya kuyankha.

Ananditulutsa mu Malichi, mpingo utapeza loya amene anaonetsa kanema wojambulidwa tsiku lija, ine ndikupereka tiyi. Viza inapulumuka, koma chaka ndinabwereza. Panja ndinapeza amayi aja akundidikira ndi galimoto yawo. Anandikumbatira akulira. "Mwanawe, ndikhululukire. Ine andimanga kambirimbiri, sindinaganizepo kuti pamafunika mantha."

Ndinawakhululukira, chifukwa sanandilakwire. Koma m'galimotomo ndinazindikira kuti ufulu si kutuluka m'ndende kokha ayi. Pali ufulu wina, womangidwa m'mawa chifukwa cha chimene umakhulupirira, madzulo n'kukagona pabedi pako. Mabombawo ali pafupi ndi tonsefe, ndipo akadzaphulika sadzafunsa pasipoti ya munthu. Ndimadana nawo ngati mmene amadanira nawo amayi aja, mwinanso kuposa, koma kuti ndinene poyera ndiyenera kuyamba ndaganiza za ndege yondibweza kwathu.

Mwezi wotsatira amayiwo anakagonanso pamsewu paja. Madzulo ake anandiimbira foni ali kunyumba kwawo, akudandaula kuti matiresi a kupolisi masiku ano ndi opyapyala. Ndinawauza kuti apume bwino, ndinadula foni, n'kulira ndi nsanje.