Nkhumba ya amake a Lefina

Ntchito yanga si yopezera abwenzi. Ndine mlangizi wa ziweto pa Chamama, ndipo m'mawa uliwonse ndimapita pophera nyama kuseri kwa msika nditanyamula mpeni ndi chidindo. Nyama ikakhala bwino ndimadinda, ikakhala ndi vuto ndimalamula kuti ikwiriridwe. Ogulitsa nyama ambiri akandiona nkhope zimagwa ngati aona mvula fodya ali pabwalo. Mmodzi yekha ndi amene amandidikira atandiikira kale mpando, a Kalekeni Nkhoma.

A Nkhoma anakalambira m'minda ya fodya, ali tenanti pa esiteti ina cha ku Lisasadzi. Msana utayamba kukana anasiya zigafa n'kuyamba kupha mbuzi ndi nkhumba. Koma kaphedwe kawo n'kachilendo. Mbuzi ikafika panjinga itamangidwa miyendo, amayamba amukalipira kaye mwini wake, kenako amaimasula, kuipatsa madzi, n'kuisiya pamthunzi wa mango mpaka mawa lake. Mpeni amakanolera kuseri kwa khoma kuti chiweto chisauone. Anzawo amawaseka kuti chatsala n'kuziyimbira nyimbo za kwaya mbuzizo. Iwo amangoti, "Chikutipatsa moyo wake wonse, ife tilephere kuchipatsa madzi?"

Nkhumba sagula asanaione kunsi kwa lilime. Amafufuza masese, timibulu toyera timene timakhala m'nyama ya nkhumba yoyenda yokha, imene imadya zonyansa za anthu kutchire. Munthu akadya nyama yotere amagwidwa ndi njoka za m'mimba, ndipo njokazo zikafala m'mudzi ena amayamba kugwa khunyu. Kuti uone lilimelo umayenera kuigwetsa nkhumba, kuitsegula kukamwa ndi mtengo, iyo ikulira mudzi wonse kumva. A Nkhoma ntchito imeneyi amadana nayo, komabe sailumpha.

Kunyumba kwawo kunali nkhumba imodzi yosagulitsa. Akazi awo, a Fainala, anaibweretsa ili kamwana atakakulunga m'chitenje, n'kunena kuti imeneyi ndi ndiwo ya pa ukwati wa mwana wawo Lefina. Ankaidyetsa okha gaga ndi masamba a mbatata, khola akusesa ngati pabalaza. Dzinja lapitali a Fainala anadwala. A Nkhoma ndi Lefina anakhala nawo kuchipatala ku boma milungu isanu ndi umodzi, ndipo anabwerako ndi maliro. Ukwati sanausinthe tsiku, pakuti malemuwo anali atanena kuti mwana asadikire chifukwa cha iwo.

Lachisanu, ukwati uli mawa lake, a Nkhoma anandiimbira foni kuti ndikadinde nkhumbayo. Ndinawauza kuti nyama yodyera pakhomo sindiyendera, ndinenso munthu, ndili ndi zochapa.

"Adokotala, zaka zonsezi nyama yanga sinalowepo mumphika wa munthu popanda chidindo chanu," anatero. "Ndiyambe lero, pa alendo a mwana wanga?"

Ndinakwera njinga yamoto ndikung'ung'udza njira yonse.

Ndinapeza pakhomo pali chimwemwe. Amayi akusenda anyezi, mafuwa ali okonzeka, nkhumba itapachikidwa pamtengo, yoyera bwino, mafuta ake osiririka. Ndinacheka paphewa mongokwaniritsa mwambo. Mpeni utangolowa, ndinaona zimene sindinkayembekezera. Timibulu tija tinali mbwee. Ndinacheka patsaya, ndinaona mtima, ndinatembenuza lilime. Paliponse masese okhaokha.

A Nkhoma anali ataima pambali panga ndipo anaona okha. Anavula chipewa n'kukhala pamtondo umene unali chigonere pansi.

"Nthawi ija tili kuchipatala ndinauza achimwene kuti aziitsegulira izidzifunira yokha chakudya," anatero motsitsa mawu. "Panalibe woidyetsa."

"Nanga lilime simunalione, bambo Nkhoma, inu amene?"

"Ndinatenga mtengo uja kawiri konse. Ikangondiyang'ana ndinkaubweza. Ndinkati ya amake a Lefina ndiilize chifukwa chiyani, si yakunyumba yomwe?"

Apa ndiulule tchimo langa. Ine amene ndakwiriritsa nyama za anthu akundigwadira, tsiku limenelo chifundo chinandigonjetsa. Ndinawanong'oneza kuti nyamayi si yogulitsa, m'buku langa simulowa, ndipo ngati amayiwo ataiwiritsa kwa nthawi yaitali ine ndikhoza kukwera njinga yanga ngati sindinafike. Ndikulankhula choncho ndinkadziwa bwino lomwe kuti paukwati sipalephera anyamata ootcha nyama mothamanga, mkati muli mofiira.

Anandiyang'ana, osati mokwiya.

"Adokotala, mwatopa, khalani pansi," anatero. "Mawa kubwera ana a Sande sukulu amene ankaphunzitsidwa ndi amake a Lefina. Ndiwapatse zimenezi m'dzina lake?"

Manyazi amene ndinamva sindidzawaiwala. Iwo anadzuka, anatenga khasu, n'kupita kumapeto kwa munda kumene kunali mapesi a fodya. Nthaka ya mwezi wa Ogasiti ndi youma gwa, ndipo msana uja unali womwewo umene unawachotsa ku esiteti, koma anakana kuti wina awalandire khasulo. Amayi aja anasiya anyezi. Mlongo wawo wa a Nkhoma anayamba kudandaula kuti akuchimuna akachokera ku Kaluluma konse kudzadya nyemba, tidzayang'ana kuti ife?

Lefina anatuluka m'nyumba tsitsi atamuluka mbali imodzi yokha. Anaima pafupi ndi nkhumba ija, anaigwira khutu, misozi ili chuchuchu. Ine ndinkaopa kuti andinena. Koma anangotenga chigubu cha palafini wothira panyamayo kuti wina asadzaifukule n'kudya, n'kulondola bambo ake kumunda. Ndinamutsatira.

A Nkhoma atamuona anasiya kukumba. Thukuta linali litanyowetsa malaya onse.

"Mwana wanga, ndakulakwira," anatero. "Chinthu chimodzi chokha chimene amako anakusiyira, ndalephera kuchisunga."

"Ababa, mwaiwala kodi?" anatero Lefina akupukuta m'maso. "Amayi anataya mphika wonse wa thobwa pa Khirisimasi chifukwa munagwera ntchentche imodzi. Akanakhalapo lero, khasulo akanakulandani kalekale."

A Nkhoma anaseka, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo anakhala m'mphepete mwa dzenjelo mwana wawo atawagwira phewa. Kuyambira pa maliro paja ndinali ndisanawaonepo akulira.

Mawa lake tinadya nyemba, kabichi ndi nkhuku zingapo zimene oyandikana nawo anabweretsa, aliyense kanthuli kamodzi. Ena a ku Kaluluma anang'ung'udza ndithu, ndinawamva ndi makutu angawa. Nthawi ya malankhulidwe a Nkhoma anaimirira ndi jekete yawo ya kutchalitchi n'kufotokoza zonse okha, osabisa ngakhale za mtengo uja anaubweza kawiri. Pomaliza anayang'ana kumene kunakhala ana a Sande sukulu, mbale zili pamiyendo.

"Idyani mosaopa, ana inu," anatero. "Zimene zili m'mbalemo amake a Lefina akanakupatsani ndi manja awo."