Wofukizidwa Sasiyidwa Yekha

Kwathu ku Chawama, mwana ukangotsokomola kawiri, amayi ankakoleza mbaula. Ankawiritsa masamba a bulugamu, a gwafa ndi makoko a mandimu mumphika waukulu, n'kukukhazika pakampando, mphika pakati pa miyendo, kenako n'kukufunditsa bulangete lolemera lonunkha utsi. Ife tinkati kufukiza, anansi athu Achibemba ankati ukufutikila. M'katimo munali mdima, nthunzi inkaluma m'maso, ndipo ine ndinkadana nazo kwabasi.

Amayi anali ndi lamulo limodzi: wofukizidwa sasiyidwa yekha. Ankati nthunzi imakomola munthu mwakachetechete, akunja n'kumayesa kuti akupeza bwino. Ndiye ankakhala pambali pa bulangetelo akusadzula ndiwo, n'kumaitana pafupipafupi.

"Ulipo?"

"Nilipo, amai."

Ukachedwa kuyankha, bulangete linkavundukulidwa pompo, ndipo ngati unachita dala, khofi linkakupeza usanapukute thukuta. Mng'ono wanga, chitsiriza m'nyumba mwathu, ndiye ankalandira makofi ambiri, chifukwa ankakonda kukhala chete kuti aone amayi akudzidzimuka.

Chaka cha mliri wa korona, woitana ndinakhala ine. Komboni yonse inkanunkha bulugamu. Amayi atayamba kubanika ndinawafukiza m'mawa ndi madzulo, ndili pakampando kunja kwa bulangete lomwe lija. "Mulipo, amai?" Ankayankha, koma mawu ankachepa tsiku ndi tsiku. Tinawatengera kuchipatala ndipo sanabwereko.

Nthawi imeneyo malamulo sankalola kusambitsa maliro kapena kuona nkhope. Anandiimika patali, kuseri kwa galasi, ndipo ndinaona anthu ovala zoyera akuika amayi m'thumba lakuda. Zipi inayenda kuchokera kumapazi mpaka kumutu, ndipo phokoso lake linandipeza komwe ndinaimako. Ine, mayi wamkulu wa ana anga, ndinafuula pamaso pa anthu kuti, "Mulipo, amai?" Mng'ono wanga sanaone zimenezi. Anali ku Kitwe kophunzira zokonza tsitsi, anangopeza bokosi lokhomakhoma. Chiyambire tsiku limenelo madiresi anga onse ndi a mabatani.

Patapita zaka, mng'ono wangayo anatsegula saluni ku Mtendere. Tsiku lina anandiitana kuti ndikaone chinthu chatsopano chimene anagula. Anachitambasula pabenchi, mano onse pamtunda ndi chimwemwe. Chinali chamagetsi, chakuda, chachitali ngati munthu, chazipi kuyambira kumapazi mpaka m'khosi.

"Ba sisi, onani! Iyi ni bulangeti ya sauna, isebenza na malaiti. Mungena mukati, ipya pang'onopang'ono, kulibe manzi, kulibe utsi. Bakuti infuraredi. Thukuta ichoka, khungu isalala, na musana uleka kubaba. Yesani, nkhope yanu yauma monga chikwama."

"Chosa chinthu ichi pamaso panga," ndinatero.

Iye anaseka, kuyesa kuti ndi umbuli wa achikulire. Ine ndinanyamula kachikwama kanga n'kukakwera minibasi, osamuuza chifukwa. Mtima wanga ndi wotero, ukatentha pakamwa pamatsekeka.

Tinatha miyezi osalankhulana. Mbiri ya bulangetelo ndinkaimvera kutchalitchi. Mayi wina wogulitsa tomato, amene amasenza mabokosi kumsika wa Soweto, ankalumbira kuti msana wake unamasuka. Atsikana okonzekera ukwati ankabwerako nkhope zili see. Sindinatsutse, thukuta ndi thukuta, amayinso ankadziwa zimenezo. Koma ndikamva kuti anthu amoyo akulimbirana kulowa m'thumba lija, ndinkamulota mng'ono wanga ali m'katimo, ine ndili kuseri kwa galasi.

Chibale ndi fupa, sichiola. Lamlungu lina m'mwezi wa Juni, titaweruka kutchalitchi, ndinapita ku Mtendere. Kunkazizira, mphepo ikuulutsa mapepala m'ngalande. Saluni sinkatsegulidwa Lamlungu, koma chitseko chinali chongotseka, chosakiya. Ndinalowa. Munali zii, wailesi yozima, mawigi ali pamitu yapulasitiki yopanda maso.

Kuseri kwa katani, pabenchi, panali thumba lija, lotseka mpaka m'khosi, muli munthu. Mutu unali wokutidwa ndi thaulo, utayang'ana kukhoma. Kanyali kofiira kankayaka pambali. Panalibe chogwedezeka.

Sindinathe kuyandikira, ndinangogwira katani. Pakamwa panatuluka mawu amodzi okha amene ndinali nawo.

"Ulipo?"

Chete. Panja galu ankauwa.

"Iwe, ulipo?"

"Nilipo."

Anali mawu a amayi. Ndikudziwa kuti anali mng'ono wanga, wodzuka kutulo, kukhosi kutauma, ndiponso kuti mwana wamkazi akamakula mawu amapita kwa make. Zonsezo ndikuzidziwa. Koma amene anandiyankha masana amenewo anayankha mokoka, motopa, ndendende ngati mmene ankayankhira pansi pa bulangete m'sabata yawo yomaliza, ndipo mpaka lero palibe angandiuze zina.

Mantha atatsika, mkwiyo unakwera. "Iwe, ufuna kufa? Kugona mukati weka, chitseko chotseka? Unaibala lamulo ya amai?"

Anatembenuza mutu, thaulo n'kugwa. Maso anali ofiira, osati ndi kutentha kokha.

"Sininaibale, ba sisi. Makasitoma bonse nimabaitana, baseka ati nili na mantha. Manje ine nikangena, azaniitana ndani?"

Apo m'pamene ndinamva fungo. Bulugamu. Bulangete lamagetsi silifuna masamba, koma iye anali atawayala m'katimo, pachifuwa pake. Anati Lamlungu lililonse amatero, n'kukhala chete dala monga ankachitira ali mwana, kudikira womuitana.

Kenako anati, "Nitsegulileni. Manja yali mukati."

Ndinayang'ana zipiyo. Ndinagwada pasimenti yozizira, n'kuigwira. Inali yofunda. Nditakoka, inalira phokoso lomwe lija, koma ulendo uno inkachokera kumutu kupita kumapazi, ndipo pansi pake panali chifuwa chokwera ndi kutsika, thukuta lili kamukamu, masamba atamatirira pamalaya.

Ndinamasula chitenje changa chakutchalitchi n'kuyamba kumupukuta. Ndinayamba nkhope, kuseri kwa makutu, khosi, kenako mikono mpaka m'kati mwa zala, pang'onopang'ono, mmene amayi akuluakulu amachitira posambitsa munthu ulendo womaliza. Ndikupukuta chomwecho ndinamuuza za galasi lija, za anthu ovala zoyera, ndi za thumba. Iye anangondipatsa mkono winawo.

Thukuta linatha, khungu linauma, koma ine sindinasiye kupukuta, ndipo iye sanandiletse.