Kompyuta yakana mdzukulu wanga poti alibe dzina

Uthenga anabwera nawo ndi alamu anga a Bizaliyele, aja amanyamula anthu panjinga. Anandipeza ndikupalira nyemba Lachiwiri, nati mwana wanga Rozina, amene anali atachira masiku atatu m'mbuyomo, wabwerera kuchipatala. Khanda lachita chikasu m'maso, kubere likukana.

Ndinafika dothi lili m'manja. Anamwino anati mwanayu ngofunika kuchipatala chachikulu, koma kalata yomutumizira siingatuluke m'kompyuta asanalembemo dzina lake.

"Amayi, ndipatseni dzina lililonse," anatero.

Lililonse? Mchombo usanagwe? Kwathu kuno mwana satchedwa dzina ali m'chikuta, ndipo womutcha uyu ndi agogo ake aamuna, amene ali kutali ku Majaua. Rozina ankangolira.

Chikundiwawa kwambiri n'chakuti pamene zinthuzi zinkakonzedwa ine ndinalipo. Chaka chatha kunabwera akatswiri a makompyuta, natisonkhanitsa amayi a kusikelo kuti tifotokoze mmene zimayendera mwana akabadwa. Anayankha ndine: amabadwa, timamutcha dzina, timapita naye kusikelo. Iwo anajambula timabokosi titatu ndi mivi yochoka apa kupita apo, natithokoza. Za masiku a pakati pa kubadwa ndi dzina sindinanene. Ndani amafotokoza zimene mudzi wonse ukudziwa?

Koma inu ana anga ophunzira, ntchito yanu sinali kufunsa kodi? Nanga akadwala asanatchedwe? Funso limodzi lokhali! Paja kufunsa n'kudziwa njira. Inu munatola mawu atatu a mayi wolekeza kalasi yachinayi n'kuwaumitsa ngati lamulo, osabweranso kudzatiwerengera zimene munamva kuti tikuwongoleni. Moyo wa munthu suyenda pamzere ngati mivi yanuyo. Umaima, umabwerera, nthawi zina umadumpha bokosi.

Mulungu awadalitse anamwino aja. Ataona kuti dzuwa likupendeka, anang'amba pepala m'kope, nalemba pamanja kuti "mwana wa Rozina", n'kudinda. Ambulansi inali itatisiya kale, ndipo tinaidikira mpaka itabweranso.

Pamene ndikulemba pano khandalo aligoneka pansi pa nyali yochiza chikasu kuchipatala chachikulu, ndipo dzulo layamwako pang'ono. Ndikuthokoza. Mchombo wagwa m'mawa uno, alamu anga apalasa njinga kukatenga agogo ake.

Abale anga owerenga, mukamagwada mulikumbukire banja lathu. Dzina loti mutchule sindinakhale nalo. Ingonenani kuti mwana wa Rozina. Kumwamba sakubwezani.