Mwala wa Pakiya Pakhomo la Mroma

Alamu anga a Trebis anali osema miyala kuno ku Abella. Manda onse a m'mbali mwa msewu wa ku Nuvla ndi dzanja lawo. Anali munthu wouma pakamwa, kuseka kwake kamodzi pa chaka. Ankalemba m'chilankhulo chathu cha Chiosika, kuyambira kumanja kupita kumanzere, mmene anthu enieni amalembera.

Nkhondo itatha, Aroma amene anatigonjetsa anagawira asilikali awo minda yathu, ndi manda omwe. Wina, dzina lake Kasiyo, chimimba ngati mtsuko wa mafuta, anafuna nyumba. Miyala aitenga kuti? Anagumula manda, n'kuwapatsa a Trebis ntchito yopala zilembo kuti miyala isalale. Ine sindinawanyengerere.

"Alamu, manyazi mulibe? Mwasanduka fisi tsopano?"

"Ndikakana ine, abwera wina wosatha kuwerenga," anatero.

Kwathu kuno dzina la wakufa silifafanizidwa mwakachetechete. A Trebis asanakhudze mwala, ankauthira vinyo pang'ono, n'kuitana mwini wake mokweza katatu kuti amutsanzike. Tsiku lonse paphiri pamene ankamanga nyumbayo pankangomveka mayina a anthu amene tinawalira kalekale. Ine ndinkawamva ndikuthyola azitona kumunsi.

Tsiku lina nditawapititsira mkate masana, ndinapeza ngolo itatula kamwala kakang'ono. Mayo ine! Kanali ka Pakiya, mwana wawo yekhayo, wobadwa kwa malemu mkulu wanga. Malungo anamutenga ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Pansi pa dzina lake panali liwu limodzi, futir, mwana wamkazi. A Trebis ankati liwu limeneli ndi lakale kuposa makoma a mzinda, makolo athu anatsika nalo m'mapiri, ndipo la Aroma silifanana nalo n'komwe.

Vinyo anathira. Koma dzina la mwanayo sanaliitane.

"Iwe mdala, dzuwa likupita!" anakalipa Kasiyo.

"Bwana, uwu ngwabwino pakhomo. Kupala n'kutaya nthawi, tingougoneka chafufumimba," anatero a Trebis.

Kasiyo anavomera, poti kwa iye mwala ndi mwala. A Trebis anauyala okha, zilembo zitayang'ana pansi, n'kuutsira dothi m'mbali ndi manja. Pobwerera ndinawafunsa chifukwa chake sanamuitane mwana.

"Ndikamuitana ndiye kuti ndamutsanzika," anatero. "Mlamu, uzikalumpha pamenepo."

Chaka chisanathe a Trebis anamwalira, ndipo wowasemera mwala m'chilankhulo chathu panalibe. Nyumba ija ilipobe. Zidzukulu za Kasiyo zimakhalira pakhomopo n'kumaswa mtedza. Ine ndimapita kukagulitsa azitona kumeneko, ndipo zaka zonsezi ndakhala ndikulumpha mwalawo, dengu lili pamutu. Antchito amafa nazo kuseka. "Taonani, agogo ayamba gule wawo uja!" Alekeni aseke, adziwa chiyani amenewo?

Koma mawondo atha, abale. Dzulo ndinaima pakhomopo nthawi yaitali, ndikusonkhanitsa mphamvu. Ndinakweza mwendo, mwendo unakana. Ndinamuponda mwana.